Galu amene sanamalize sukulu

Pamsewu umene ndimayendamo m'mawa uliwonse pali malo pamene ngalande ya madzi a mvula inavundikiridwa ndi zitsulo zokhala ndi mipata, ndipo tikafika pamenepo galu wanga amaima, amandiyang'ana, kenako amakhotera kumanzere kuti tizilambalale. Wachita zimenezi tsiku lililonse kwa zaka zitatu tsopano. Munthu wodutsa sangaone chachilendo, chifukwa timangowonjezera mapazi anayi kapena asanu paulendo wathu, komatu zitsulo ngati zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti galuyu azigona pakhomo la chipinda changa m'malo motsogolera munthu wosaona m'misewu ya mumzinda. Dzina lake ndi Tessa, ndi wamkazi, wakuda, wamtundu wa Labrador, ndipo anabadwira pasukulu ina yophunzitsa agalu otsogolera anthu osaona. Anamuchotsa pamaphunziro ali ndi miyezi 19.

Anthu akamva mbiri yake amagawika pawiri. Ena amamumvera chisoni ngati mwana amene wabwezedwa kusukulu, ndipo amafunsa motsitsa mawu kuti analakwanji. Ena amandisirira, n'kumanena kuti ndinachita mwayi kupeza galu wophunzitsidwa kale, womvera chilichonse, amene anthu ena anamutayira nthawi ndi ndalama. Ine ndinali m'gulu lachiwirili pamene ndinkalemba fomu yopempha galu, ndipo panapita miyezi ingapo ndisanamvetse kuti munthu akatenga galu wotere amamutenga pamodzi ndi chifukwa chimene anamuchotsera. Chifukwacho sichitsala kusukulu. Chimakwera nawo galimoto, chimalowa nawo m'nyumba, ndipo chikhoza kukhala chaching'ono ngati kuopa zitsulo za pangalande kapena chachikulu ngati matenda ofuna mankhwala moyo wake wonse.

Masukulu amene agaluwa amachokerako si a dzulo. Sukulu yoyamba yophunzitsa agalu otsogolera inatsegulidwa ku Oldenburg, m'dziko la Germany, mu 1916, pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pankhondo yoyamba yapadziko lonse. Ku America, bungwe la The Seeing Eye linayamba mu 1929 Dorothy Eustis, mayi woweta ndi kuphunzitsa agalu, atagwirizana ndi Morris Frank, mnyamata wosaona amene anapita mpaka ku Switzerland kukatenga galu wake woyamba, Buddy. Ku Britain agalu anayi oyamba anaperekedwa kwa eni ake mu 1931, ndipo mu 1975 bungwe la Canine Companions linayamba ku Santa Rosa, California, kuphunzitsa agalu othandiza anthu a ulumali wina, monga oyenda panjinga ya olumala, amene amafuna galu wowatolera zinthu zagwa pansi kapena wowatsegulira chitseko. Ndikutchula zakazi kuti muone kutalika kwa nthawi imene anthu akhala akusankha makolo a agaluwa, kuyeza mafupa awo ndi maso awo, ndi kulemba mbiri ya mbadwo uliwonse. Ngakhale zili choncho, pa agalu khumi alionse amene amabadwira ntchitoyi, atatu, anayi, mwinanso asanu samaliza maphunziro, malinga ndi sukulu komanso mtundu wa ntchito. Choncho galu wosamaliza si ngozi imene yagwera sukulu, koma ndi gawo la ntchitoyo limene aliyense amaliyembekezera.

Moyo wa galu wotere umayenda mwadongosolo kuyambira tsiku lobadwa. M'masukulu ambiri ana onse obadwa kwa mayi mmodzi nthawi imodzi amapatsidwa mayina oyamba ndi lemba lofanana, n'chifukwa chake ndimadziwa kuti kwinakwake kuli abale ake a Tessa amene mayina awo amayambanso ndi T, ndipo ena a iwo akugwira ntchito. Kamwana kakakwanitsa pafupifupi milungu isanu ndi itatu kamaperekedwa kwa mlezi, munthu wodzipereka amene salandira malipiro, ndipo mleziyo amakhala nako kwa chaka ndi miyezi ingapo. Ntchito yake ndi yoti kagaluko kazolowere dziko la anthu: kukwera basi ndi sitima, kulowa m'sitolo, kugona phee pansi pa tebulo pamene anthu akudya, kuyenda pakati pa khamu osakoka chingwe. Galuyo akafika miyezi yapakati pa 14 ndi 18 amabwerera kusukulu, amayezedwanso m'thupi, ndipo amayamba maphunziro enieni ndi akatswiri. Apa ndi pamene ambiri amatsalira.

Ena amachotsedwa ndi dokotala wa ziweto asanavale n'komwe lamba wa pachifuwa uja wokhala ndi chogwirira. Zithunzi za X-ray zikaonetsa kuti mfundo za m'chiuno kapena za m'zigongono sizinalumikizane bwino, galuyo sangapatsidwe ntchito yoyenda pansi polimba tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi zitatu. Ena amapezeka ndi ng'ala m'maso, ena khunyu, ndipo ambiri ndithu amavutika ndi ziwengo zapakhungu ndi matenda a m'makutu obwerezabwereza. Galu wongokhalira kukanda sangaike mtima pamsewu, komanso si bwino kupatsa munthu wosaona galu amene khungu lake liyenera kuyang'anidwa ndi maso tsiku lililonse. Agalu ochotsedwa pazifukwa zimenezi nthawi zambiri amakhala a khalidwe labwino zedi, ndipo ndi amene anthu amawathamangira, koma wowatenga ayenera kudziwa kuti ndalama za mankhwala ndi zakudya zapadera zidzachokera m'thumba mwake.

Gulu lalikulu limachotsedwa chifukwa cha khalidwe, ndipo apa ndi pamene mawu akuti kulephera amasocheretsa. Galu amene maso ake amathamangira mphaka, mbalame kapena gologolo sanachite cholakwika chilichonse pa chikhalidwe cha agalu. Chimodzimodzinso amene amakonda anthu mopitirira muyeso moti sangadutse munthu osafuna kumupatsa moni, amene amatola chakudya pansi, amene amanjenjemera ndi mabingu, amene amaopa masitepe oyenda okha kapena chikepe, ndiponso amene thupi lake limauma akangomuveka lamba wa ntchito. Palinso ena amene amaphunzira zonse bwinobwino koma amaoneka kuti udindowo ukuwalemera, amayamba kuyenda mozengereza, amasiya kudya, ndipo aphunzitsi odziwa ntchito yawo amaona kuti galuyo sakufuna moyo umenewu. Mabungwe ena a ku America amawatcha agalu osintha ntchito, ndipo poyamba ndinkaona ngati n'kukometsera chabe nkhani yosakoma. Lero ndimaona kuti mawuwo ndi olondola kuposa ena aja.

Muyeso wake ndi wokhwima chifukwa cha zimene galu wotsogolera amafunika kuchita. Galuyo sawerenga magetsi a pamsewu. Mwini wake ndi amene amamvetsera mmene magalimoto akuyendera n'kulamula kuti awoloke. Koma ngati walamula pamene galimoto ikubwera mwakachetechete, monga zimachitira galimoto zoyendera magetsi, galuyo ayenera kukana lamulolo n'kuima nji, ngakhale kuti moyo wake wonse waphunzitsidwa kumvera. Ayeneranso kuganizira kutalika kwa munthu amene akumutsogolera, kuti amulambalalitse nthambi kapena chikwangwani chimene galu yekha akanadutsa pansi pake popanda vuto. Tsopano taganizirani galu ngati Tessa, amene akaona zitsulo za pangalande amakhotera pambali mosachenjeza. Ine ndimaona kumene akukhotera, ndipo ndikaona njinga ikubwera ndimamuimitsa. Munthu wosaona amatsatira chogwirira chimene chili m'dzanja lake, ndipo chikakhotera mumsewu iyenso amalowa mumsewu. Aphunzitsi anayesa kwa milungu ingapo kumuzoloweza, ndi chakudya ndi kuleza mtima konse, koma manthawo sanathe, ndipo anachita bwino kumuchotsa.

Chimene chimachititsa kuti galu wina apirire pamene m'bale wake wa bere limodzi akuopa ndi nkhani imene akatswiri akhala akuifufuza. Mu 2017 Emily Bray ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ana a agalu 98 a ku The Seeing Eye, amene anawatsatira kuyambira ali kubere mpaka kumapeto kwa maphunziro. Anapeza chinthu chimene sindikanachiyembekezera: ana a agalu amene amayi awo ankawasamala kwambiri, kuwanyambita kawirikawiri ndi kukhala nawo nthawi yaitali, ndi amene ankachotsedwa pamaphunziro mochuluka. Ana amene ankayamwa mayi wawo atakhala tsonga kapena ataimirira, zomwe zimafuna kuti kamwana kavutikire mkaka, ankachita bwino kuposa amene ankayamwa mayi wawo atagona chafufumimba. Nditawerenga zimenezi ndinamuyang'ana Tessa ali gone pamphasa yake ndipo ndinaseka ndekha, poganiza kuti mwina mlandu wake wonse ndi woti anali ndi mayi wachikondi.

Galu akachotsedwa sapita kwa anthu wamba nthawi yomweyo, ndipo ichi n'chimene ambiri ofuna agaluwa sachidziwa. Sukulu imayamba yaona ngati angagwire ntchito ina. Galu wokonda kununkhiza, amene sangatsogolere munthu chifukwa mphuno yake imangokhala pansi, akhoza kukhala katswiri wofufuza mankhwala ozunguza bongo, wofunafuna anthu osowa, kapena wochenjeza munthu wodwala matenda a shuga pamene shuga wake watsika. Galu wofatsa koma wopanda changu cha pamsewu akhoza kupita kwa mwana wosaona kuti akhale bwenzi lake ndi kumuzoloweza kusamalira galu, monga limachitira bungwe la Guide Dogs for the Blind pa dongosolo lake la K9 Buddy. Ngati ntchito ina palibe, kawirikawiri woyamba kufunsidwa ndi mlezi uja, ndipo ambiri amamutenganso galu wawo ndi manja awiri. Otsala pamenepo ndi amene amafika kwa anthu ngati ine, ndipo ofuna amachuluka kwambiri kuposa agalu. Mabungwe ena amatseka kaundula wa opempha kwa nthawi yaitali, ndipo ena amaika malire a dera, monga Guide Dogs for the Blind yomweyo, imene ili ndi masukulu ku San Rafael, California, ndi ku Boring, Oregon, ndipo imapereka agalu otere kwa anthu a m'zigawo zina za kumadzulo kwa America.

Ine ndinadikira miyezi 22. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwanga sikunali kwaulemu, chifukwa ndinkatsegula makalata a pakompyuta tsiku lililonse ndipo kawiri konse ndinaimba foni kufunsa ngati dzina langa linatayika. Anandifotokozera kuti mndandanda wawo si mzere wa kubanki woti woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Amayang'ana galu amene alipo n'kufunafuna nyumba yomuyenera, choncho munthu amene analemba kuti akufuna galu wamkazi, wachikasu, wopanda vuto lililonse la m'thupi, wosathothoka bweya, akhoza kudikira mpaka imvi, pamene wina wovomera galu wa ziwengo kapena wanyonga zambiri amaitanidwa msanga. Fomu yawo inali ndi mafunso amene ndinkawaona ngati ochulutsa: ngati bwalo langa lili ndi mpanda, ngati m'nyumba muli ana aang'ono kapena mphaka, amene adzasamale galu ndikadwala, ndiponso maola amene m'nyumba mumakhala mopanda munthu. Funso lomalizali ndinaliyankha mopepuka, ndipo ndi limene linadzandipweteka.

Tsiku limene ndinapita kukamuona, mayi amene ankayang'anira za agalu ochotsedwa anandikhazika pansi ndisanamuone n'komwe galuyo, n'kutsegula faelo yake. Anandiwerengera zonse, kuyambira katemera, kulemera kwake, tsiku limene anamutseka kuti asabereke, mpaka ndemanga za aphunzitsi. Anandiuza za zitsulo zija, kenako anawonjezera kuti, "Chinanso chimene muyenera kudziwa n'chakuti galuyu sanakhalepo yekha kwa nthawi yaitali chibadwire. Mudzayambe pang'onopang'ono." Ndinagwedeza mutu, koma maso anga anali pawindo, pamene ndinkaona mchira wakuda ukugwedezeka panja. Mawu a zitsulo ndinawamva chifukwa anali achilendo. Mawu achiwiriwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Mlungu woyamba unali ngati maloto. Tessa sankakwera pampando kapena pabedi, sankauwa munthu akagogoda, ankadikira pakhomo mpaka nditamulola kutuluka, ndipo ankadzithandiza pokhapokha ndikamuuza, ali pachingwe, pamalo amene ndamusankhira, luso limene agalu otsogolera amaphunzitsidwa ali aang'ono kuti eni ake azidziwa potola. Ndinadziona ngati munthu wochenjera kuposa onse amene amavutika ndi tiana ta agalu totafuna nsapato. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatuluka kwa maola anayi. Pobwera ndinapeza katani ya pawindo ili pansi, chitseko chitakandidwa mpaka utoto kuchoka, ndipo galuyo anali wefuwefu, malovu ali chuchuchu, ngati wathamanga mtunda wautali. Aneba anandiuza mwaulemu kuti analira kuyambira pamene ndinatseka geti.

Nditakhala pansi n'kuganiza, ndinaona kuti zinali zoonekeratu. Kwa mlezi wake ankapita kulikonse kumene mleziyo ankapita, chifukwa imeneyo ndiyo inali ntchito yake. Kusukulu ankagona pafupi ndi agalu anzake ndipo masana ankakhala ndi aphunzitsi. Galu wotsogolera amakonzedwa kuti adzakhale pambali pa munthu usana ndi usiku, choncho chinthu chimene galu wamba wa panyumba amachiphunzira ali wamng'ono, choti anthu amachoka ndipo amabwerera, iye anali asanachiphunzire mokwanira. Tinayambira pansi penipeni. Ndinkatuluka kwa mphindi imodzi n'kubwerera osamuyankhula, kenako mphindi zitatu, kenako khumi. Ndinkatenga makiyi ndi kuvala nsapato popanda kupita kulikonse, kuti zizindikiro zimenezo zisiye kumuopsa. Ndinkamusiyira chidole chobowoka chimene ndaikamo chakudya kuti azitanganidwa nacho. Panatha miyezi itatu kuti afike pogona tulo ine kulibe, ndipo m'miyezi imeneyo ndinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito ndi kupempha achibale kuti azikhala naye masiku ena. Wina aliyense amene akuganiza zotenga galu wotere chifukwa alibe nthawi yophunzitsa kamwana ka galu aiganizire bwino miyezi itatu imeneyi.

Nkhani ina ndi ya mimba. Mu 2016 Eleanor Raffan ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi alionse ali ndi kusintha kwa jini (kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa POMC, kumene kumachititsa galu kumva njala kwambiri ndi kunenepa msanga, ndipo pakati pa agalu othandiza anthu amene anawayeza, kusinthaku kunapezeka mwa atatu pa anayi alionse. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina galu wokonda chakudya amaphunzitsika mosavuta, choncho amasankhidwa kawirikawiri. Aliyense amene anaonapo Tessa akudya sangatsutse. Kusukulu chakudya chake chinkayezedwa ndipo ankayenda mitunda tsiku lililonse, koma kwa ine anapeza munthu wa mtima wofewa, ndipo m'miyezi isanu anawonjezera makilogalamu anayi. Dokotala wa ziweto anandidzudzula mosapita m'mbali, kuti kunenepa n'kumene kumawononga mfundo za agalu a mtundu umenewu, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chake ndimachiyeza pasikelo.

Maphunziro nawonso amafufutika ngati munthu sawasamala, ndipo zimenezi zinandidabwitsa kuposa mmene zinayenera. Ndinamulola kamodzi kukwera pampando usiku wina wa mabingu, ndipo lamulo limene mlezi wake analisunga kwa chaka chathunthu linatha usiku womwewo. Ndinayamba kumulola kukoka chingwe pofuna kununkhiza, ndipo pasanathe mwezi anali kundikoka ngati ngolo. Zina ndinazibwezeretsa, zina ndinazisiya dala, chifukwa galu amene sakugwira ntchito alibe chifukwa choyendera ngati msilikali. Chinandikhudza mtima n'chakuti sankadziwa chochita ndi mpira. Masukulu ena salola alezi kusewera mpira ndi tiagalu, poopa kuti galu wotengeka ndi mpira adzathamangira wa ana pamsewu ali pantchito. Nditamuponyera koyamba anangouyang'ana ukugubuduzika, kenako anandiyang'ana ine ngati akufunsa chimene ndatayira katundu wanga. Lero amauthamangira, ngakhale kuti kubweza amabweza akafuna. Chimene sichinafufutike ndi kuima m'mphepete mwa msewu. Mpaka pano amaima pamene msewu wa oyenda pansi wathera, ndipo sindinamuphunzitsepo zimenezo.

Pali yesero limodzi limene ndiyenera kulitchula, chifukwa aliyense wokhala ndi galu wotere amakumana nalo. Mnzanga wina ataona mmene Tessa amagonera phee pansi pa tebulo anandiuza kuti ndingogula pa intaneti kajekete kolembedwa kuti galu wantchito, ndizilowa naye m'sitolo, m'malo odyera ndi m'ndege, popeza anaphunzirako ndithu ndipo palibe angadziwe. N'zoona kuti n'zosavuta kunama. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 silifuna kuti mwini galu aonetse chiphaso, ndipo wogwira ntchito m'sitolo amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha: ngati galuyo ndi wofunika chifukwa cha ulumali, ndiponso ntchito imene anaphunzitsidwa kugwira. Lamulolo linapeputsidwa choncho kuti munthu wa ulumali asamachititsidwe manyazi pakhomo lililonse, ndipo limayenda bwino pokhapokha anthu ena akapanda kuliba. Ufulu wolowa ndi galu ndi wa munthu wa ulumaliyo, si wa galu, ndipo zigawo zambiri za dzikolo zili ndi malamulo olanga wonamizira. Ku Britain ufulu wofananawo wolowa ndi galu uli m'lamulo la Equality Act la 2010. Galu wovala kajekete konama akauwa, akatola chakudya kapena akalumphira galu weniweni wantchito, amene amalipira ndi munthu wosaona wobwera mawa lake, amene adzakanizidwa pakhomo. Mgwirizano umene ndinasaina umaletsa zimenezi momveka bwino, monganso umaletsa kumugulitsa kapena kumupereka kwa wina, ndipo umati ndikalephera kumusunga ndimubwezere kusukulu. Koma ngakhale pakanapanda pepala, ndikudziwa chimene anamuchotsera, ndipo kumuveka kajekete kungakhale kunyoza anthu amene anaweruza moona mtima.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, sukulu inandifunsa ngati ndingalole kulandira kalata yochokera kwa mlezi wake. Anali mayi wachikulire amene analerapo agalu angapo, ndipo pamene Tessa ankachotsedwa n'kuti ali kale ndi kamwana kena m'nyumba, choncho sakanatha kumutenganso. Kalatayo inali ya masamba atatu. Analembamo kuti Tessa amakonda kukandidwa pansi pa chibwano osati pamutu, kuti akamayasamula mobwerezabwereza ndiye kuti wapanikizika osati ali ndi tulo, kuti anayamba kuzemba zitsulo za pansi ali ndi miyezi isanu ndipo iwo ankayenda naye mtunda wautali kufunafuna ngalande zoti ayeserepo. Anati atamva kuti wachotsedwa analira kawiri, koyamba chifukwa cha munthu amene akanathandizidwa, kachiwiri chifukwa sakanatha kumulandira. Zambiri zimene ndinaziphunzira movutika m'miyezi isanu ndi umodzi zinali m'kalatamo, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanapempha kulankhula nawo tsiku loyamba. Tsopano ndimawatumizira zithunzi kawiri pachaka.

Kulira kwawo koyamba kuja ndimakukumbukira kawirikawiri. Kulera ndi kuphunzitsa galu mmodzi wotsogolera kumadya madola masauzande makumi angapo, ndipo ndalamazo zimachokera kwa anthu opereka mwaufulu, chifukwa wolandira galuyo salipira kapena amalipira pang'ono chabe. Ku The Seeing Eye munthu amalipira madola 150 pa galu wake woyamba, mtengo umene sunasinthe kuyambira m'zaka za m'ma 1930, 50 pa wotsatira, ndipo amene anali msilikali amalipira dola imodzi. Galu aliyense wochotsedwa amatanthauza kuti munthu wina wosaona adikirabe, mwina miyezi yambiri. Sindidziimba mlandu, popeza Tessa sakanamuthandiza munthuyo, koma zimandiletsa kuyankhula ngati ndinapata katundu wabwino pamtengo wotsika. Ndalama imene ndinapereka pomutenga inali kachigawo kochepa ka zimene zinalowa pa iye.

Si agalu onse osamaliza maphunziro amene ali ngati a m'masukulu otsogolera, ndipo apa anthu amasokoneza. Bungwe la TSA, loyang'anira chitetezo m'mabwalo a ndege ku America, limaperekanso agalu amene sanakwanitse maphunziro ofufuza mabomba pamalo ake a ku San Antonio, Texas. Agalu amenewo amasankhidwa chifukwa cha nyonga ndi kusatopa, ambiri anakulira m'makola osati m'nyumba, ndipo wowatenga amayamba ndi kuwaphunzitsa ngakhale kusadzithandiza m'chipinda. Ndi agalu abwino kwa munthu wowayenera, koma amene akuyembekezera galu wogona pansi pa tebulo adzadabwa. Komanso nkhani za agaluwa zikafala pa Facebook, pamatuluka anthu otsatsa agalu amene amati ndi osamaliza maphunziro, n'kumapempha ndalama munthu asanaone galu. Sukulu yeniyeni imakhala ndi faelo, imafunsa mafunso ambiri kuposa amene mungafunse inu, ndipo sikhala pachangu. Amene sangadikire zaka ziwiri ndimamuuza kuti m'malo osungirako agalu osowa eni muli agalu akuluakulu ofatsa amene akudikira lero, ndipo kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti iwo alibe faelo yofotokoza zimene amaopa.

Faeloyo ndimaisungabe m'kabati, ndipo pansi pa tsamba lomaliza pali mzere umene mphunzitsi analemba ndi dzanja, wonena kuti galuyu ndi wanzeru, wachikondi, ndipo sapondapo pa zitsulo. Chaka chatha mwana wina anagwetsa chidutswa cha buledi pakati penipeni pa zitsulo za pangalande ija. Tessa anaima pamalo ake a nthawi zonse, anayang'ana buledi, anayang'ana ine, ndipo kwa kanthawi ndinaona njala ndi mantha zikukokana m'thupi mwake, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera. Kenako anaika phazi limodzi lakutsogolo pachitsulo, anatambasula khosi mpaka pamene linathera, anatola bulediyo n'kubwerera m'mbuyo mofulumira ngati wapsa. Ndinalembera mlezi wake madzulo omwewo. M'mawa mwake tinafikanso pamalopo, ndipo anaima, anandiyang'ana, n'kukhotera kumanzere.